Mmene Abishopu Anakhalira Pansi

A Chester Pawlak anagwira ntchito zaka 33 pa fakitale ya magalasi kuno ku Toledo, ndipo zaka zonsezo ankayendera timagalimoto totha, togula kwa anthu amene atopa nato kale. Magalasi amene ankapinda pa ng'anjo paja anali a magalimoto a mabwana, aatali aja, oyenda osamveka phokoso. Iwo ankangowaonera pamsewu, n'kumauza aliyense amene ali naye pafupi kuti galasi lakutsogololo mwina linadutsa m'manja mwawo. Sanali munthu wosirira za eni. Mowa ankamwa Lachisanu lokha, nsapato ankasoketsa, ndipo jekete limodzi linawaikitsa maliro a makolo awo onse awiri. Koma munthu aliyense ali ndi pamene anapengera, ndipo a Chester anapengera pa magalimoto amenewa.

Atangopuma pa ntchito, m'mwezi wa Epulo, anamva kutchalitchi kuti mayi wina wamasiye, amene amuna ake anali dokotala wa mano, akugulitsa galimoto ya malemuwo pa madola 4,200. Inali ya zaka 13, yakuda bii, ya mipando yachikopa, yotalika moti ikamakhota pangodya mphuno inkayamba yaoneka, woyendetsa n'kutulukira pambuyo. Ili yatsopano inagulidwa madola 45,000. A Chester anachotsera chamumtima n'kupeza kuti akaigula apindula madola 40,000 ndi kanthu tsiku limodzi, zimene zinali zisanawachitikirepo chibadwire. Chimene sanaganizire n'chakuti galimotoyo panalibe amene anaiuza kuti yatsika mtengo. Inkadziwabe kuti ndi ya dokotala, ndipo inkadya monga ya dokotala.

Akazi awo, mayi Loretta, anatha zaka 26 akulandira ndalama pa kantini ya sukulu, ndipo aliyense amene anayesapo kuwapusitsa pa chenji akukumbukirabe mpaka lero. Zogula galimotoyo sanakane. Anangowakhazika amuna awo pa tebulo la kukhitchini, n'kutenga kope lofiira latsopano, n'kulemba 4,200 pamwamba pa tsamba loyamba. Lamulo linali limodzi: ndalama iliyonse yokonzetsera galimotoyo izilembedwa m'munsi mwa nambalayo, ndipo tsiku limene zokonzetsera zidzapitirire mtengo wogulira, galimotoyo idzagulitsidwa, popanda apilo. Petulo ndi oyilo sanaziwerengere, poti ngakhale wodwala amayenera kudya. A Chester anaseka n'kusainira. Anati kopelo lidzafika pamenepo iwo ali kumanda kale.

Galimotoyo inapatsidwa dzina ndi mlamu wa a Chester, a Norbert Gorski, mlongo wamng'ono wa mayi Loretta. A Norbert sanakwatirepo. Anayendetsa magalimoto a hayala a ku bwalo la ndege zaka makumi awiri, ndipo chiyambire kupuma, ntchito yawo yodziwika inali kufika kwa a Pawlak Lamlungu lililonse nkhuku itangotuluka mu uvuni, kudya, kunyoza pang'ono, n'kunyamula zotsala m'kambale. Lamlungu loyamba anaizungulira galimotoyo kawiri, manja ali kumbuyo.

"Alamu, awatu ndi Abishopu," anatero. "Avala zakuda, ayenda mwaulemu, ndipo muona, sapita kulikonse osayendetsa mbale ya chopereka."

Dzinalo linamata. Pasanathe mwezi msewu wathu wonse unkafunsa kuti Abishopu adzuka bwanji, ndipo a Chester, amene poyamba ankapsa nalo mtima, anayamba kuyankha ndi nkhope yowala.

Chopereka choyamba chinaperekedwa galimoto isanadwale n'komwe. Galaja ya panyumbapo anamanga ndi bambo awo a mayi Loretta, pa nthawi imene mkuluyo ankayendera kagalimoto kafupi, ndiye Abishopu atalowa mpaka mphuno kugunda khoma, kumbuyo kunatsala panja pafupifupi mkono wathunthu. Chitseko chinakana kutsika. A Chester anagumula khoma lakutsogolo n'kukhomerera kachipinda ka matabwa koti mphunoyo izibisalamo, monga anachitira azibambo ambiri a dera lino kalekale. Mlandu unabuka pa nkhani yolemba m'kope. A Chester ankati akonza nyumba, osati galimoto. Mayi Loretta ankati nyumbayo sinadandaulepo. Anagamula kuti alembe theka. Kagalimoto kobiriwira ka mayi Loretta, kamene sikanakhosomolepo chigulire, kanasamutsidwira panja kuti kazigona pamphepo.

Kenako mbale inayamba kuyenda. Zenera la kumbali ya woyendetsa linatsika tsiku lina la mvula n'kukana kukwera: madola 310, chifukwa pa galimoto ya mabwana zenera silipukusidwa ndi dzanja. Mipope ya mabuleki inapezeka itadyeka ndi dzimbiri la mchere umene amathira m'misewu kuti usungunule chipale: 680. M'chilimwe makina oziziritsa anayamba kupuma mpweya wotentha, ndipo kuti afikire kachitsulo ka madola 40 kamene kanafa, makaniko anachita kuchotsa dashibodi yonse. Lisiti linati 890. Mpando wa woyendetsa, umene unkasuntha wokha njira zisanu ndi zitatu, unasankha njira imodzi n'kukhazikika pamenepo, chagada, moti a Chester anayenda sabata yathunthu akuoneka chipewa chokha.

Makanikoyo anali Duane Rettig, chimunthu chachikulu cholankhula motsitsa, chosaba koma chosakhululukanso. Abishopu akamakhotera pa galaja yake, Duane ankavula kapusi. A Chester ankati ndi ulemu. A Norbert ankati munthu aliyense amavulira chipewa womulipirira ana sukulu.

Musaganize kuti a Chester ankanong'oneza bondo. Galimotoyo ankaikonda, chikondi chenicheni chopanda manyazi. Loweruka lililonse ankaisambitsa ndi madzi ofunda, n'kuipukuta ndi matewera akale a mwana wawo Denise, amene panopa ali pabanja ku Columbus. Chimene chinkawatenga mtima kwambiri chinali kayendedwe. Kumbuyo kwa Abishopu kunalibe masipuling'i achitsulo ngati magalimoto a anthu wamba. Kunali matumba awiri amphira odzaza mpweya, ndi kapampu kowapopa. Akangoliza injini, kapampuko kankang'ung'udza pang'ono, galimoto n'kudzutsa chiuno, kenako n'kumayandama pamwamba pa maenje onse a mu Toledo osamva ngakhale limodzi. Munthu amene waimirira pa simenti zaka 33, msana ukuwawa, ndi amene angamvetse. A Chester ankati akakhala m'menemo amamva ngati dziko lawapepesa.

Ndiye Loweruka lililonse akamaliza kupukuta ankalowa kukhitchini, n'kusuzumira kope lofiira pamwamba pa firiji. Pofika Okutobala wa chaka chachiwiri, pampu ya madzi ndi ladiyeta zitadya gawo lawo, kopelo linkati 4,110. Kumanda kuja anali asanapite. Pakati pa iwo ndi kutaya Abishopu panatsala madola 90.

Anayamba kuyendetsa ngati anyamula mazira. Wailesi ankaitsegula ndi chala chimodzi, mazenera analetsa kutsitsa, ndipo a Norbert atamenyetsa chitseko Lamlungu lina, a Chester sanawalankhule mpaka pa khofi.

Chisanu chinafika msanga chaka chimenecho. Magalimoto ngati Abishopu amakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo kumbuyoko n'kopepuka, moti msewu ukaundana amavina. Mankhwala ake aliyense amawadziwa: matumba a mchenga m'buti. Chaka choyamba a Chester anaikamo awiri okha, pakatikati, ndipo mu Febuluwale galimoto inazungulira pa geti la tchalitchi, amayi a kwaya akuonerera, n'kuima itayang'ana kumene inachokera. Manyazi amenewo sanafune kuwabwereza, komanso kugunda mtengo kukanatha madola 90 aja kambirimbiri. Ulendo uno anagula matumba asanu ndi limodzi. Anawasanja bwinobwino, awiri pakati, ena m'makona, n'kuwakankhira mkati ndi chidendene cha jombo yawo ya m'chipale kuti asamasunthe. Anatseka n'kudziyamikira kuti apulumutsa ndalama.

M'mawa mwake sanazindikire kuti kapampu kaja sikanang'ung'udze, chifukwa anali kumvetsera za nyengo pa wailesi. Patapita masiku anayi anaona kuti matayala akumbuyo ayamba kubisala m'mapiko a galimotoyo. Itatha sabata, panalibenso chokayikitsa. Mphuno inali m'mwamba, nyali zikuunika nthambi za mitengo, kumbuyo kukukwecha pansi potuluka pageti. Abishopu anali atakhala pansi ngati galu wodikira fupa.

Mayi Loretta atafunsa akumwa khofi kuti galimoto yatani, a Chester anayankha osawayang'ana kuti ndi mchenga chabe, walemera. Pa zaka 41 za banja lawo anali asanawanamizepo akazi awo pa chinthu choposa kuchuluka kwa mabotolo a Lachisanu, ndipo bodzali linawasowetsa mtendere tsiku lonse. Mayi Loretta anayang'ana pazenera, n'kuyang'ana amuna awo, n'kupitiriza kupaka batala pa buledi.

Lachisanu, ku holo ya parishi kumene timakadya nsomba yokazinga, a Chester anadikira mpaka Duane atakhala yekha, n'kukokera mpando pafupi.

"Duane, ndili ndi mnzanga wina. Ali ndi galimoto ngati yangayi. Akuti yakhala pansi kumbuyo."

"Mnzanuyo nayenso yake ndi yakuda, bambo Pawlak?"

"Sindinamufunse."

Duane anatafuna kaye nsomba yake. Anati kawirikawiri amakhala matumba amphira aja, amang'aluka akakalamba, ndipo akang'aluka amapha ndi kapampu komwe; zonse pamodzi, madola 1,400. Anati ena amangochotsa zonsezo n'kuikamo masipuling'i achitsulo pa 600, koma ikatero imayenda ngati galimoto yogulitsa buledi. Kenako anawonjezera kuti mnzawoyo abwere nayo kuti aione, mwina n'kanthu kakang'ono.

Apa ndiye panali msampha. Pa galaja ya Duane, kungoyang'ana galimoto kunali madola 95. Zinalembedwa pakhoma ndi zilembo zazikulu. Buku la malisiti ankasunga ndi mkazi wake, ndipo mkazi wakeyo ankaima moyandikana ndi mayi Loretta mu kwaya. Madola asanu okha ndi amene anatseka njira. A Chester anathokoza m'malo mwa mnzawo uja, n'kusiya nsomba yawo ili theka.

Milungu itatu yotsatira inali ya chipongwe. Anayamba kulowetsa galimoto m'galaja chafutambuyo kuti mbali yodwalayo izikhala kumdima. Analengeza kuti dokotala anawauza kuti aziyenda pansi, ndipo ankapita ku Misa wapansi, mphepo ya kunyanja ikuwabaya m'makutu, pamene akazi awo ankawadutsa pa kagalimoto kobiriwira kaja n'kuwaimbira hutala. Tsiku lina anayesa kulowa pansi pa Abishopu ndi tochi kuti aone okha, koma malo olowera panalibe. Anangobwerako ndi chipumi chotupa. Buku la malangizo la masamba 300 linali m'kabokosi ka kutsogolo, lili m'pulasitiki yake momwe analisiyira dokotala wa mano. Sanalitsegule. Mwamuna wa msewu wathu amatsegula buku loterolo pokhapokha akafuna chochingira mwendo wa tebulo.

Anaonda. Nthabwala za a Norbert ankangozimva osabweza. Chinkawapweteka si galimoto yokha ayi, koma kuti ankadya pa tebulo limodzi ndi mkazi amene akumubisira. Lachitatu lina m'mawa analephera kupirira. Anatsitsa okha kope lofiira pa firiji, n'kuliika pafupi ndi mbale ya mayi Loretta, n'kunena zonse: za matumba amphira, za 1,400, za 95, za mnzawo wosakhalako uja.

"Ndinadziwa sabata yachiwiri, bambo a Denise," anatero mayi Loretta. "Nyali zanu zinkaunika m'chipinda chapamwamba."

Sanawaseke, sanawanyoze, ndipo zimenezi zinawawa kuposa kunyozedwa. Anangonena motsitsa kuti lamulo anasainira limodzi. A Chester anavomera ndi mutu. Anaimbira foni anthu ogula magalimoto akufa, ndipo iwo anati apereka madola 350, adzabwera ndi chokokera chawo.

Nkhaniyi inafika kwa a Norbert Lamlungu, ntchafu ya nkhuku ili m'manja. Mwachilendo, sanaseke. Anafunsa mafunso atatu okha: inayamba liti, kapampu kakumveka kapena kali zii, ndipo mchenga anaika tsiku lanji. Atamva mayankho anaika ntchafu ija pansi, n'kupukuta milomo, n'kunena ndi mawu achisoni kuti sangalole kuti chinthu cha pachibale chikaphwanyidwe ndi alendo. Anati apereka 600, azingochotsamo zipangizo pang'onopang'ono, alamu azibwera kudzaiona akaisowa. A Chester anakhudzidwa mtima. Anadziimba mlandu kuti zaka zonsezi ankamuona molakwika munthuyu, ndipo anawawonjezera mbatata ndi dzanja lawo.

Loweruka m'mawa anapita onse awiri kubanki, n'kusainirana chikalata cha galimoto pamaso pa mayi wodinda zikalata. Chidindo chinagwa. A Norbert anawerenga madola 600 atsopanotsopano, ndipo pobwerera anali ndi changu chimene palibe anawaonapo nacho kupatula pa tebulo. Atafika kunyumba analowa m'galaja, n'kuliza injini, n'kuitulutsa pang'onopang'ono, kumbuyo kukulira pa simenti. Anaisiya ikulira kuti itenthe.

A Chester anaima pambali, manja m'matumba. Anafuna kunena mawu otsanzika koma anaona kuti achita manyazi. Ndiye monga amachitira munthu wosowa chochita ndi chisoni chake, anakumbukira kanthu kakang'ono: mchenga. Matumba asanu ndi limodzi, madola asanu lililonse. Mchengawo sunali pa chikalata.

"Tsegulani buti, alamu, nditenge mchenga wanga."

"Aa, usiyeni, alamu. Muthyoka msana. Ndidzabwera nawo mawa."

"Ndaugula ndekha, ndiutsitsa ndekha."

"Ndiye ndigule. Madola 30 awa. Tengani 40."

Munthu amene sanabwerepo ndi botolo la vinyo pa zaka zisanu ndi zinayi akufuna kugula mchenga pa mtengo wokwera. A Chester sanaganize zoipa, anangouma khosi. Anadina okha kabatani, buti n'kutseguka, n'kuyamba kutsitsa matumba limodzilimodzi, akupumira m'mwamba. Lomaliza linali pakona ya kumanzere, lija analikankha kwambiri ndi chidendene, ndipo linakakamira. Analigwira ndi manja awiri n'kukoka ndi mkwiyo wonse wa milungu itatu. Thumba linasolokoka, ndipo pamene linkachoka panamveka kaphokoso kakang'ono: thapu.

Kenako kapampu kanang'ung'udza.

Pakhoma la buti, pamene panali thumbalo, panali kaswichi kakuda kosaposa chala chachikulu. N'kamene makaniko amazimitsa akafuna kukweza galimoto pa jeke, kuti kapampu kasamalimbane naye. Duane ankakazimitsa ndi kukayatsa ulendo uliwonse osaona chifukwa chouzira munthu. Chidendene cha a Chester chinakazimitsa mu Novembala, ndipo dzanja lawo linali litangokayatsa. Anaima atakumbatira thumba la mchenga, kukamwa kuli yasa, akuona kumbuyo kwa galimoto kukukwera pang'onopang'ono, matayala akutuluka m'mapiko, mphuno ikutsika, mpaka Abishopu anaima chilili, athanzi, okongola ngati tsiku loyamba. Panalibe chimene chinang'aluka. Bodza loyamba lija limene a Chester ananamiza akazi awo linali loona: unalidi mchenga.

Anatembenuka kuyang'ana mlamu wawo. A Norbert, amene anayendetsa magalimoto a mtundu womwewu zaka makumi awiri, anali kuyang'anitsitsa denga la anthu oyandikana nawo ngati aliona koyamba.

"Munkadziwa."

"Ndinkangoganizira, alamu. Kuganizira si kudziwa."

"Bwezani galimoto yanga. Ndalama zanu izi."

"Malonda ndi malonda. Chidindo chagwa, inunso munachimva." A Norbert anakanda chibwano. "Komabe pachibale, ndikhoza kukugulitsani. Galimoto yabwino ngati iyi, ya mipando yachikopa, 3,000 sindingakhale nditakuberani."

A Chester sanali munthu wa ndewu, ndipo 3,000 analibe. Anaika thumba lija pansi mosamala n'kukhalapo. Anali ndi zaka 66, ndipo anali atagulitsa chinthu chokhacho chimene anachilakalakapo pa moyo wawo chifukwa choopa madola asanu. Sanalire, koma nkhope yawo inali yoipa kuiona kuposa ya munthu wolira.

Mayi Loretta anaonerera zonsezi pa zenera la kukhitchini. Anatuluka atavala chikhoti pamwamba pa epuloni, kope lofiira lili m'khwapa, pensulo ili kukhutu. Galimotoyo sanaikondepo tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo m'mawa womwewo anali atayeza kale m'maganizo mwawo mmene kagalimoto kawo kadzakhalire m'galaja. Koma anayang'ana amuna awo pa thumba la mchenga paja, ndipo mtima unawatembenuka. Anapita molunjika kwa mlongo wawo.

"Iwe Norbert."

"Achemwali, izi n'za amuna."

"Ndinakusambitsa ine, ndinakupukuta mamina ine. Zimitsa injiniyo, ukutha petulo wathu."

A Norbert anazimitsa. Anayesa kutchula za chidindo ndi malamulo a boma, koma mayi Loretta anawafunsa ngati boma limawotcha nkhuku Lamlungu. Anawakumbutsa kuti akhala akudya panyumbapo zaka zisanu ndi zinayi osaphonya, n'kuchulukitsa pomwepo ndi masabata a pachaka, nkhuku n'kukwana 468, osawerengera zonyamula m'kambale ndi chakudya cha usiku wa Khirisimasi. Anati ngati malonda ndi malonda, iwonso malonda amawadziwa, ndipo kuyambira mawa a Norbert azikadyera kwa Abishopu.

"Munthu wozunza bambo awa pakhomo pano ndine," anatero. "Sindinalembe wondithandiza."

A Norbert anatsika kufika pa 1,000, kenako 750. Mayi Loretta sanasunthe. Anati a Norbert alandira 600 yawo ndi 90 pamwamba, chifukwa chilungamo n'chakuti galimoto yachira ili m'manja mwawo, ndipo wochiritsa amalipidwa. A Norbert anayang'ana galimoto, n'kuyang'ana khomo la kukhitchini kumene kunkachokera fungo la kabichi ndi soseji, n'kuona kuti munthu sangadye mipando yachikopa. Anavomera.

Mayi Loretta anatsegula kope pa boneti yofunda, n'kulemba ndi zilembo zawo za ku kantini: kuyatsa swichi, 90. Anaphatikiza, n'kujambula mzere, n'kutembenuzira tsambalo kwa amuna awo. Pansi panali 4,200, chimodzimodzi ndi pamwamba.

"Yafika, koma sinapitirire," anatero. "Ikangodya senti imodzi, mukudziwa."

Banki inali itatseka kale, ndiye Lamlungu Abishopu anagona m'galaja ya a Pawlak ali a a Norbert pa chikalata. A Norbert anabwera kudzadya monga mwa masiku onse, ndipo anapatsidwa khosi ndi phiko. Lolemba m'mawa anapita onse atatu, chidindo chinagwanso, mayi wodinda uja osafunsa kanthu. A Norbert anakwera basi. Mayi Loretta anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, kope lofiira pamwamba pake.

Kunja kunali dzuwa lozizira, misewu yoyera ndi mchere. Galimoto inkayandama. A Chester anadzera njira yaitali ya m'mbali mwa mtsinje, dala, n'kumalunjika pa dzenje lililonse kuti amve mmene silikumvekera. Mtima wawo unali m'malo koyamba chiyambire Okutobala. Anali atangodutsa mlatho pamene pa dashibodi, kumanja kwa chiwongolero, panayaka kanyali kachikasu kooneka ngati injini.

A Chester anakayang'ana, n'kuyang'ana msewu, n'kukayang'ananso. Sikanazime. Kanyali kotere kakhoza kutanthauza chitsekero cha petulo chosamanga bwino, kakhozanso kutanthauza madola 1,000, ndipo kuti udziwe chimene kakutanthauza, Duane amafuna 95. Anaganiza zosuntha dzanja pa chiwongolero kuti chigongono chitchinge. Zikanatheka bwinobwino. Koma milungu itatu ija inali itawakwana.

"Mayi a Denise," anatero. "Taonani apa."

Mayi Loretta anaweramira mbali yawo, n'kukonza magalasi pamphuno, n'kukayang'anitsitsa kanyaliko nthawi yaitali. Anayang'ana kope pamiyendo pawo. Kenako analisunthira pambali, n'kutsegula chikwama, n'kufufuza pakati pa korona, maswiti a chifuwa ndi makuponi a kusitolo, mpaka anapeza kapulasitala kamene ankayenda nako chifukwa cha nsapato za kutchalitchi. Anakasenda mosafulumira, n'kukamata pa galasi la dashibodi, pamwamba penipeni pa kanyaliko, n'kukasindikiza ndi chala.

"Ine sindikuona kanthu," anatero, akutseka chikwama. "Inu mukuona?"

A Chester anayang'ana kutsogolo. Maso awo anali atadzaza misozi moti ngakhale msewu sankauona bwino.

"Ayi," anatero. "Sindikuona."